Singano ya M'nsalu za Odwala

"Tatsitsani mawu, bambo a ana. Khomali ndi lopyapyala, anzathu kuseriku akumva."

"Amve! Ndikufuna amve kumene. Taona ichi, undiuze kuti n'chiyani."

Mwamuna wa Nasopo anaponya golovesi patebulo, pafupi ndi kapu ya tiyi imene mkazi wakeyo ankalephera kumaliza. Linali golovesi lakuda, lokhuthala, lalitali lofika m'chigongono. M'mphepete mwake munali chidindo cha chipatala chimene Nasopo ankagwirako ntchito yochapa nsalu za odwala. Ndi ntchito yomweyo imene inamupatsa dzina, poti fungo la sopo silinkamuchoka ngakhale Lamulungu.

"Mwalitenga kuti?"

"Kwa wogula zitsulo zakale uja, woyandikana ndi benchi langa kumsika. Wandipatsa kuti ndimusokere chala chimodzi. Antchito ake onse avala omwewa. Ndamufunsa kuti abwino chonchi mwawapeza kuti, iye osabisa n'komwe, akuti kwa a Makiyi a kuchipatala. A Makiyi ndi ndani, mayi a ana? Si alamu anga? Si mlongo wako wa bere limodzi, amene amasunga katundu yense wa pamenepo?"

Nasopo anayang'ana chala chake chapakati. Panalibe chooneka, kadontho kakuda chabe. Linali tsiku lachisanu ndi chinayi chimubayire singano ya jakisoni imene wina anaiiwala m'nsalu ya kuwodi. Nsaluzo zinabwera mulu umodzi, ndipo palibe anadziwa kuti singanoyo inachoka m'thupi la yani. Namwino wamkulu anamupatsa mapiritsi oteteza ku kachirombo, oti amwe masiku makumi awiri ndi asanu ndi atatu, kenako akayezetse magazi. Mapiritsiwo ankamuchititsa nseru, ndipo chiyambire kumwa sankatha kukhala pamalo amodzi. Akakhala pampando ankafuna kuimirira, akaimirira miyendo inkafuna mpando.

"Mwina ndi akale, otha ntchito," anatero.

"Akale? Ine ntchito yanga ndi chikopa ndi ulusi, chinthu chakale ndimachidziwa ndi mphuno. Ili silinathe mwezi likugwira ntchito. Singano ija ikanakhotera pamenepa, sikanakufika pachala. Ine wosoka nsapato wamba ndimamanga kachikopa pachikhatho ndisanagwire singano, chonsecho singano yanga ilibe matenda a munthu. Iwe akukupatsa timagolovesi ta labala tong'ambika ndi chikhadabo, n'kumati pisa m'magazi a anthu."

"Ndamva."

"Sunamve. Ukanamva, bwenzi ukuvala nsapato kuti tipite kwa namwino wamkulu."

"Ndikanene chiyani? Kuti achimwene anga ndi wakuba? Ntchito imeneyi anandipezera ndani? Amayi akugona m'nyumba mwa yani?"

"Ndiye ukhale chete mpaka ikubayenso ina?"

"Mundisiye kaye ndimalize mapiritsiwa. Mutu wanga sungasenze zinthu ziwiri."

Nseru inamukwera, anathamangira kuseri kwa nyumba. Pobwerako anapeza mwamuna wake atang'amba katoni ya sopo n'kuiyala patebulo, pensulo ili kukhutu.

"Bweretsa dzanja."

"La chiyani?"

"Ndati bweretsa."

Anamugwira pamkono mwaukali ndithu, n'kuliika dzanjalo pakatoni. Koma pozunguliza pensulo m'mbali mwa zala anachita pang'onopang'ono, ndipo pofika pa chala chobayidwacho anapepuza dzanja. Anajambulanso lamanzere, n'kupinda katoniyo, n'kutuluka osatsanzika.

Patapita masiku atatu Nasopo analowa m'chipinda chochapira atavala zimene mwamuna wake anasoka. Chipindacho chinali kuseri kwa mawodi, cha mabeseni awiri a simenti ndi mpopi wodontha. Makina ochapira anafa kalekale, anasanduka poika zikwama. Mnzake wochapa naye, amene onse ankamutchula kuti Manzere chifukwa chilichonse ankagwira ndi dzanja lamanzere, atangomuona anakhala pansi ndi phwete.

"Mayo ine! Lero tichapa kapena timenya nkhonya?"

Magolovesiwo analidi oseketsa. Lina linali lofiirira, lina lakuda. Pachikhatho panali malilime a majombo akale, zala zinali za chikopa cha chikwama cha mzimayi wina, ndipo kachitsulo kotsekera chikwamacho kanatsalira pamkono.

"Seka," anatero Nasopo. "Ukatha kuseka undithandize kukutumula mulu uwo."

Manzere anaseka mpaka misozi, kenako anasiya. Anayang'ana mulu wa nsalu, n'kuyang'ana timalabala take toyera, kamodzi katang'ambika kale pachala chachikulu. Anali ndi mwana wa miyezi isanu amene ankamusiya kwa mng'ono wake, ndipo pofika masana mkaka unkanyowetsa yunifolomu yake.

"Amuna akowo alibe majombo ena?"

"Akuti chikopa cholimba chatha, mpaka apeze china."

Nasopo anaima kanthawi, kenako anavula lamanzere n'kumupatsa. "Iwe umapisa ndi ili, ine ndimapisa ndi ili. Dzanja linalo uziliika kumbuyo ngati mwana wasukulu."

Anagwira choncho sabata yonse, dzanja limodzi limodzi. Chikopa chikanyowa chinkalemera, chikauma chinkauma gwa, ndipo chinkawasupula m'mphindi za zala. Ntchito inkachedwa, akuwodi ankadandaula kuti nsalu sizikubwera. Lachinayi masana Manzere anangoti zii pakati pa nkhani. Anatukula dzanja. Pachikhatho, pa lilime la jombo, panali pataima singano, kumutu kwake kuli magazi ouma.

"Yalowa?" anafunsa Nasopo.

Manzere anavula golovesilo mosamala, n'kutembenuza dzanja uku ndi uku pawindo. Khungu linali losalala. 

"Ndikanakamuyamwitsa bwanji mwana madzulo ano?"

Nthawi yomweyo kunja kunamveka kulira kwa makiyi. A Makiyi anali munthu wamtali, wa malaya ositidwa bwino, ndipo mulu wa makiyi unkalendewera palamba wawo. Anasuzumira pakhomo, maso awo n'kugwera pa dzanja la mlongo wawo.

"Zimenezo n'chiyani?"

"Anandisokera ndi alamu anu, achimwene."

"Vula. Ukufuna anthu azinena kuti chipatala chino chikuvala majombo m'manja?"

"Ndivale chiyani?"

A Makiyi anayang'ana Manzere, n'kuyang'ananso mlongo wawo. "Ndibwera kunyumba Lamulungu. Pali nkhani."

Anabweradi Lamulungu masana, atanyamula malalanje m'pepala. Anati amathandiza nseru. Mwamuna wa Nasopo anawalonjera mwaulemu, n'kutulutsa mpando wabwino, iye n'kukakhala pakhonde ndi nsapato ya kasitomala, chitseko chili chotsegula.

A Makiyi anafunsa za ana ndi za mapiritsi, kenako anatulutsa pepala m'thumba la malaya n'kulitambasula patebulo.

"Akuluakulu akufuna lipoti la ngozi yako ija. Palibe chovuta. Apa palembedwa kuti magolovesi okhuthala unalandira, koma tsikulo unawavula chifukwa cha kutentha. Mawa tikakhala kwa namwino wamkulu, usaine pansipa. Basi, nkhani yatha."

"Koma sindinalandire, achimwene."

"Ndikudziwa. Ndi pepala chabe, mlongo wanga. Iwe sakuchita kanthu, angokuchenjeza pakamwa. Koma ukakanena kuti sunalandire, afunsa kuti katoni ya magolovesi inapita kuti, ndipo ine ntchito yatha. Ana asanu aja udzawadyetsa ndiwe? Amayi udzawatenga, m'zipinda ziwiri zino?"

"Nanga inapita kuti katoniyo, alamu?" anafunsa mwamuna wa Nasopo ali pakhonde, osatukula mutu.

"Alamu, iyi ndi nkhani ya kuntchito."

"Ayi, nkhani ya kuntchito imathera kuntchito. Iyi imasanza kuseri kwa nyumba yanga m'mawa uliwonse."

A Makiyi anapukuta thukuta. Anatsitsa mawu, n'kutembenukira kwa mlongo wawo yekha.

"Ukuganiza ndimagona ine? Chibayidwire iwe sindinadye chakudya n'kuchimva kukoma. Magolovesiwo anakhala m'sitolo ya chipatala chaka chathunthu, palibe anawafunsa. Ndinaona ngati ndi katundu wongodzaza malo. Ndinalakwa, ndavomera, pano m'nyumba ndavomera. Koma kundichotsa ntchito kuchotsa singano m'chala chakocho? Chachitika chachitika. Mwezi wamawa ndikupezera ena, iwe ndi mnzakoyo, wina aliyense osadziwa."

"Mwezi wamawa," anatero Nasopo. Anaimirira, anasuntha kapu, anakhalanso. "Lachinayi singano ina inaima padzanja la Manzere."

"Inamubaya?"

"Ayi."

"Ndiye ukuona, Mulungu alipo." Anapinda pepala lija. "Amayi sindinawauze za ngozi yakoyi, ndipo iwenso usawauze. Mtima wawo ukuudziwa."

Atapita, mwamuna wake analowa n'kuima pakhomo. Nasopo anayembekeza mkangano, koma iye anangoti, "Dzanja ndi lako, dzinanso ndi lako," n'kubwerera ku nsapato yake. Zikanakhala bwino akanakalipa. Nasopo anasesa m'nyumba mosesedwa kale, anachapa mbale zoyera, anasenda lalanje n'kulisiya osadya. Pofika m'mawa anali atatsimikiza kuti asaina. Mlongo ndi mlongo, ndipo pepala silimva kuwawa.

Anamuitana cha m'ma teni, ali pakati pa kuchapa. Anapita momwemo, manja akudontha. Mu ofesi ya namwino wamkulu munali tebulo lodzaza mafaelo ndi fani yozungulira mwaulesi. A Makiyi anali atakhala kale pampando wa pakona. Namwino wamkulu, mayi wonenepa wa magalasi, wotopa nthawi zonse, anamukankhira pepala ndi cholembera.

"Werenga, ukagwirizana nazo usaine. Ndili ndi odwala akundidikira."

Cholembera sichinagwirike ndi zala zachikopa. Nasopo anavula golovesi n'kuliika patebulo. Namwino wamkulu analitola ndi zala ziwiri.

"Ichi n'chiyani?"

"Amuna anga amasoka nsapato, mayi."

"Linzake lili kuti?"

"Lili kwa Manzere. Timagawana."

"Mukuchapa ndi dzanja limodzi limodzi?" Anakweza magalasi, n'kuliyandikiza kuwindo. Pachikhatho panali timabowo tiwiri tatsopano. Analiika pansi pang'onopang'ono. "Pepalali likuti unalandira okhuthala aja. Ngati unalandira, ukuvaliranji majombo? Unawataya? Unawagulitsa?"

Mawu akuti kugulitsa anamulasa Nasopo kuposa singano. Anaona kuti akasaina, wakuba akhala iye. Anayang'ana kwa mlongo wake kuti mwina anenapo kanthu. A Makiyi anali akuyang'ana fani.

"Sindinalandire, mayi. Chiyambire ntchito sindinawagwirepo. Manzerenso chimodzimodzi."

"Mayi, musamumvere," anatero a Makiyi mofulumira, akuseka pang'ono. "Ndi mlongo wanga uyu, ndikumudziwa. Mapiritsi aja amusokoneza mutu, masiku ano amaiwala ngakhale zimene wadya."

Nasopo anaika cholembera pansi. 

"Mutu wanga uli bwino, achimwene. Chikundivuta ndi m'mimba." Anatembenukira kwa namwino wamkulu. "Mukafuna kuwaona, pitani kumsika kwa wogula zitsulo zakale. Ali ndi chidindo chanu. Ndipo poti ndayamba kulankhula, mayi, ndimalize. Singanozi sizichokera kusitolo. Zimachokera kuwodi kwanu. Sabata yathayi yokha tatola zitatu m'nsalu. Kabokosi kotayamo kali pomwepo pakhoma, koma anthu anu amaona kutali."

 Namwino wamkulu anavula magalasi, anatikita m'maso, kenako anatambasula dzanja kwa a Makiyi.

"Makiyi a kusitolo."

"Mayi, tikambirane kaye."

"Ndati makiyi."

Tsiku lomwelo anatsegula sitolo pamaso pa mboni. Pa mapeya makumi awiri amene anabwera, anapezamo atatu okha, kuseri kwa zidebe. Awiri anapita kochapira, imodzi kwa wotaya zinyalala. A Makiyi anauzidwa kuti akhale kaye kunyumba mpaka akuluakulu adzamve nkhani yawo. Kuwodi anamata chikalata chokumbutsa za singano, ndipo anamwino ena anasiya kumuyankha Nasopo moni.

Amayi ake anabwera Loweruka m'mawa, wapansi, ndodo ili m'manja. Anakana mpando, anakana madzi. Anaima pakati pa nyumba akupuma mwabefu.

"Ndabwera kudzaona nkhope ya munthu amene wavula mlongo wake pagulu. Ndiwe? Ndinakubala ine iwe?"

"Amayi, khalani pansi."

"Sindikhala! Mlongo wako anakutola ukungoyendayenda, n'kukuika pantchito. Lero wakhuta, wamuthira dothi m'chakudya. Chifukwa cha chiyani? Magolovesi! Zovala m'manja! Ife tinachapa matewera anu ndi manja enieni, tinafa? Kapena ndi amuna akowa akukutuma?"

"Anakuuzani kuti nkhani ndi magolovesi basi?"

"Pali inanso?"

Nasopo analowa kuchipinda n'kubwera ndi kabotolo. Anakhuthulira m'dzanja mapiritsi otsala. Analipo anayi.

"Awa ndikumwa ine, amayi. Ndi oteteza ku kachirombo. Singano ya wodwala inandibaya apa, ndikuchapa ndi timalabala, pamene ondiyenera anali kumsika. Sindikudziwa ngati ndatenga kapena ayi. Ndikadziwa ndikakayezetsa. Achimwene anati ndisakuuzeni, akuti mtima wanu. Kenako anabwera ndi pepala loti ndivomere kuti cholakwa ndi changa."

Amayiwo anayang'ana mapiritsi, n'kuyang'ana chala.  Anafufuza mpando ndi dzanja kumbuyo, n'kukhala.

"Chichitikire ndi liti?"

"Masabata atatu apitawo."

"Masabata atatu. Ine ndikudya naye mbale imodzi, iye osanena." Anagogoda ndodo pansi. "Komabe ukanabwera kwa ine. Tikanakamba m'nyumba. Ana aja alakwa chiyani?"

"Nanga anga alakwa chiyani, amayi?"

Amayiwo ananyamuka osamwa madzi. Pakhomo anaima, osatembenuka.

"Kuyezetsako ndi liti?"

"Lolemba la sabata inayo."

"Undidikire pageti."

Lolembalo mwamuna wake anatseka benchi n'kumuperekeza. Amayi anali atafika kale pageti, atavala nsalu yawo ya kutchalitchi. Atatuwo analowa m'khonde lalitali la chipatala, ndipo Nasopo anaona chimene sanachiyembekeze. Pabenchi la kutsogolo kwa ofesi panali a Makiyi, malaya ositidwa monga kale, palamba popanda kanthu. Akuluakulu anali atawaitana tsiku lomwelo. Chipinda choyezera magazi chinali chitseko chachitatu kuchoka pamenepo.

Palibe analonjera mnzake. Nasopo anakhala pabenchi lake, n'kuimirira, n'kukawerenga chikalata cha pakhoma chimene ankachidziwa pamtima, n'kukhalanso. Amayi anapita kwa mwana wawo wamwamuna, anamukonza kolala osalankhula, kenako anabwerera n'kudzaima pafupi ndi Nasopo. Nasopo ataitanidwa, amayiwo anamulanda chikwama kuti amugwirire.

M'katimo zinatenga mphindi makumi awiri. Woyeza magazi anayang'ana kachipangizo kake kawiri, n'kunena kuti pakadali pano mulibe kanthu, koma abwerenso pakatha miyezi iwiri kuti atsimikize. Nasopo anamupempha kuti abwereze mawuwo. Anabwereza.

Potuluka anapeza onse ataimirira. Mwamuna wake anamuwerenga pankhope n'kutulutsa mpweya wautali. Amayi anagwira khoma. A Makiyi anali atayenda masitepe angapo kuchoka pabenchi lawo, n'kuima pakati pa njira ngati munthu wosadziwa ngati akuloledwa kufika.

"Mlongo," anatero. 

"Akuti mulibe. Koma ndidzabwerenso, sizinathe."

A Makiyi anagwedeza mutu kangapo. Anabwerera pabenchi, anakhala, n'kuphimba nkhope ndi manja onse awiri, mapewa akugwedezeka. Chitseko cha ofesi chinatseguka, kalaliki n'kuwaitana kuti alowe. Anapukuta m'maso ndi mkono wa malaya, n'kuimirira.

Amayi anamubwezera Nasopo chikwama.

"Pita kuntchito, mwana wanga, usachedwe. Ine nditsala pano. Uyunso ndi wanga."